CHENJEZO: Chitsamba kupha vairasi mu labotale sindiye kuti chingakuchiritseni

Chenjezo ili likupita kwa aliyense amene ali pa ma ARV, kwa amene akudwazika m'bale wake pakhomo, kwa makolo a ana aang'ono, ndi kwa onse amene alandirapo uthenga pa WhatsApp kapena pa Facebook wonena kuti asayansi atsimikiza zoti chitsamba chakutichakuti chimapha mavairasi. Chonde, musasiye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha uthenga woterowo. Musamwere limodzi mapiritsi a kuchipatala ndi zam'chigubu musanauze dokotala kapena namwino. Ndipo galu akaluma mwana, musataye ngakhale tsiku limodzi mukusaka mizu. Anthu afapo kale pa zinthu zitatuzi, ndipo ambiri mwa iwo anali atakhulupirira nkhani imene inayamba ndi mawu oona.

Mawu oonawo ndi awa. M'masamba, m'makungwa, m'mizu ndi m'njere za zomera muli timankhwala tambirimbiri timene timatha kulepheretsa mavairasi kuswana. Mtengo sungathawe mdani, ndiye umadziteteza ndi ululu wa mitundumitundu wothana ndi tizirombo ndi nyama zofuna kuudya. Akatswiri m'mayunivesite a ku China, India, Germany, South Africa ndi maiko ena amatenga timankhwala timeneti n'kutiyesa, ndipo chaka ndi chaka amatulutsa malipoti onena kuti aka kanapha vairasi ya chimfine, aka kanafooketsa HIV, aka kanaletsa kachirombo ka korona kulowa mu selo. Malipotiwo sanama ayi. Koma wogulitsa zitsamba amangotola mutu wa lipoti n'kuumata pa botolo lake. Chimene sakuuzani n'chakuti vairasiyo inafera kuti.

Inafera m'kambale ka pulasitiki kokwana pachikhatho, kokhala ndi timaenje 96. M'kadzenje kalikonse amaikamo maselo, kawirikawiri ochokera ku impso za anyani a mtundu wa pusi, n'kuwasiya kuti aswane mpaka ayale pansi ponse. Kenako amathiramo vairasi, n'kudonthezeramo madzi a chitsamba chija pa mlingo umene wofufuzayo wasankha yekha. Pakapita masiku awiri kapena atatu amawerenga kuti maselo angati apulumuka. M'kambalemo mulibe chifu chogaya mankhwalawo, mulibe chiwindi chowaphwanya, mulibe impso zowatayira mu mkodzo, mulibe mtima woti n'kuima, mulibenso mwana wosabadwa. Mankhwala amakumana ndi vairasi maso ndi maso. M'thupi la munthu zinthu siziyenda choncho. Chimene mwamwa chiyenera kupulumuka ku asidi wa m'chifu, chilowe m'magazi kudzera m'matumbo, chidutse m'chiwindi chisanaphwanyidwe chonse, chikafike kumene vairasi yabisala chikadali ndi mphamvu, ndipo chikhale komweko maola okwanira. Timankhwala tambiri ta m'zomera timathera panjira pomwepa. Tina timafika ndithu, koma pa mlingo umene umayamba wavulaza munthu vairasi isanamve kanthu.

Zimenezi zinaoneka bwino ndi chomera cha kuno ku Africa komwe. Mu 1987, akatswiri otolera zomera m'malo mwa bungwe la boma la America la National Cancer Institute anatenga masamba a chomera china choyanga m'nkhalango ya Korup ku Cameroon. Asayansi anali asanachilembepo n'komwe, ndipo pambuyo pake anachitcha Ancistrocladus korupensis. Mu labotale anapezamo michellamine B, kamankhwala kamene kanateteza maselo ku mitundu yonse iwiri ya HIV. Apa n'kuti Edzi ikupulula anthu popanda choitchinga, ndiye chiyembekezo chinali chachikulu, mpaka anayamba kudzala chomeracho kuopa kuti masamba angadzasowe. Atayesa pa nyama, anapeza kuti mlingo wofunika kuti ugwire vairasi unali pafupi kwambiri ndi mlingo wowononga mitsempha. Kafukufukuyo anaimira pomwepo, ndipo michellamine B sanafike m'chipatala chilichonse. Tangoganizani munthu akanamva theka loyamba lokha la nkhaniyi, n'kuyamba kuwiritsa masambawo mumphika n'kumamwetsa odwala.

Chaka chomwecho ku Sarawak m'dziko la Malaysia anatola masamba ndi nthambi za mtengo wa Calophyllum lanigerum, momwe munapezeka calanolide A. Ameneyu anafika poyesedwa pa anthu, koma mpaka lero sanaloledwe kukhala mankhwala a HIV. Nkhani ya hypericin ndiyo yopweteka kwambiri chifukwa inakhudza odwala enieni. Hypericin amachokera m'chitsamba cha maluwa achikasu chotchedwa St John's wort, ndipo mu labotale ankaoneka wamphamvu pa HIV. Madokotala a ku America anamuyesa pa anthu 30 amene anali ndi kachiromboka, ndipo zotsatira zinatuluka mu 1999. Anthu 16 mwa 30 aja analekera panjira chifukwa cha mavuto amene mankhwalawo anawabweretsera, makamaka khungu kupsa koopsa akangoima padzuwa. Kuchuluka kwa tizirombo m'magazi awo sikunatsike.

Bungwe la ku America lija linayesa madzi ndi ufa wa zomera zikwizikwi pofunafuna mankhwala a Edzi. Papita zaka zoposa 30 tsopano, ndipo pa ma ARV onse amene akuperekedwa m'zipatala palibe ngakhale amodzi amene ali tsamba, muzu kapena khungwa la mtengo. Sikuti azungu anabisa, monga amanenera mauthenga ena. Kampani imene ikanapeza tsamba lochiza HIV ikanalemera kosaneneka, ndipo inali kulisaka ndi ndalama zake zomwe. Zomera zinayesedwa, zambiri zinalephera, ndipo kulepherako kunalembedwa poyera.

Ine sindikunyoza zitsamba. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America. Mankhwala a malungo a LA amene timalandira m'zipatala ali ndi artemether, yemwe gwero lake ndi chitsamba cha Artemisia annua, ndipo mayi Tu Youyou wa ku China analandira mphoto ya Nobel mu 2015 chifukwa cha ntchito imeneyo. Ngakhale pa mavairasi alipo mankhwala ochokera ku zomera amene anakhoza mayeso onse. Koma taonani mmene amagwiritsidwira ntchito. Podophyllin, wochokera ku mizu ya chomera cha Podophyllum, amachotsa njerewere za kumaliseche zimene zimabwera ndi vairasi ya HPV. Amapakidwa pa njerewere penipenipo ndi wachipatala, amatsukidwa pakapita maola ochepa, saperekedwa kwa mayi woyembekezera, ndipo munthu akamumwa ndi poizoni wakupha. Mafuta a Veregen, ochokera ku masamba a tiyi wobiriwira, analoledwa ku America mu 2006 pa njerewere zomwezo, nawonso ndi opaka basi. Kumwa tiyiyo sikuchotsa njerewere.

Tamiflu, mankhwala a chimfine choopsa amene analoledwa mu 1999, kwa zaka zambiri ankapangidwa kuchokera ku shikimic acid wotengedwa m'zipatso za star anise za ku China. Ogulitsa amakonda nkhani imeneyi, ndipo pa intaneti mwadzaza malangizo owiritsira star anise. Komatu shikimic acid payekha sachiza chimfine. Amasandulizidwa kufakitale pafupifupi kakhumi asanakhale Tamiflu, ndipo chimene chimatuluka kumapeto ndi chinthu china chimene simungachipeze m'chipatsocho. Mu 2003 bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America la FDA linachenjeza anthu kuti asamamwe tiyi wa star anise, anthu pafupifupi 40, ena mwa iwo makanda, atadwala mpaka kukomoka. Chipatsochi chili ndi chinzake cha ku Japan chofanana nacho maonekedwe koma chapoizoni, ndipo zikauma n'kusakanikirana simungazilekanitse ndi maso.

Pali mawu amene amandidetsa nkhawa kuposa onse, akuti "awa ndi achilengedwe, alibe vuto". Tonsefe tikudziwa chinangwa chowawa. Chimamera m'munda mwathu momwe, palibe fakitale imene inachikhudza, koma mayi aliyense wa kunyanja amadziwa kuti ukapanda kuchiviika masiku okwanira chimaledzeretsa ana mpaka kupha. Mankhwala a zitsamba ndi chimodzimodzi: chilengedwe chimapereka chakudya ndi poizoni m'chomera chimodzi. Mu 2020 kunamveka kuti oleandrin analetsa kachirombo ka korona kuswana m'maselo mu labotale ku Texas, ndipo anthu ena otchuka ku America anayamba kumuchemerera. Oleandrin amachokera ku oleander, duwa la masamba aataliatali ndi maluwa ofiirira kapena oyera limene ambiri amadzala pampanda pofuna kukongoletsa pakhomo. Chomerachi ndi poizoni kuyambira kumuzu mpaka kuduwa, ndipo chimasokoneza kagundidwe ka mtima. FDA inakana kuti oleandrin azigulitsidwa ngati chowonjezera pa chakudya. Ngati duwali lili pakhomo panu, musaliwiritse, musafukize nalo, ndipo ana asaliseweretse.

Ku Brussels m'dziko la Belgium, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi ofuna kuchepetsa thupi anapatsidwa makapisozi a zitsamba za ku China. Muzu umene unayenera kulowamo unasinthanitsidwa molakwika ndi wa Aristolochia fangchi. Anthu oposa 100 anawonongeka impso, ambiri mpaka kumadalira makina otsuka magazi, ndipo ena anadzapezeka ndi khansa ya m'njira ya mkodzo. Zimenezi zinachitika ku Ulaya, makapisoziwo akulembedwa ndi madokotala. Nanga kuno kwathu, kumene makina otsuka magazi ali m'zipatala zazikulu zowerengeka, munthu wa kumudzi impso zake zikafa adzathawira kuti?

Taonani chimene chimagulitsidwa padepoti ya basi kapena pamsika. Ndi chigubu chakale cha madzi akumwa, chodzaza madzi abulauni, nsenga zili pansi, chivindikiro chomata ndi selotepi. Pambali pake amatapo kapepala kolemba matenda khumi ndi mphambu: shuga, BP, zilonda za m'mimba, khansa, kusabereka, mavairasi onse. Palibe dzina la chomera, palibe tsiku limene anapanga, palibe tsiku lothera mphamvu. Mlingo wake ndi theka la kapu m'mawa ndi madzulo, kaya ndinu bambo wamkulu thupi kaya mtsikana wowonda. Ngakhale wopangayo atakhala woona mtima, sangadziwe mphamvu ya zimene wathiramo, chifukwa mtengo umodzimodziwo umakhala ndi mankhwala osiyana malinga ndi dothi, nyengo, msinkhu wake ndi mmene masamba anaumitsidwira. Chigubu cha mwezi uno chikhoza kukhala madzi chabe, cha mwezi wamawa n'kukhala champhamvu kopitirira. Nazonso zokongola za m'mabotolo a kunja, zogulitsidwa mokoperana pamtengo wokwera, zikangolemba kuti zimathana ndi mavairasi onse musazikhulupirire. Mavairasi ndi osiyana kwambiri, moti ngakhale ma ARV enieniwo sachiza chimfine kapena chikuku.

Tsopano ndilankhule ndi inu amene muli pa ma ARV ndipo mukuti simunasiye, mukungowonjezera zitsamba kuti chitetezo chikwere. Apanso pali ngozi, ndipo ndi yosaoneka. Chiwindi chili ndi njira zake zophwanyira mankhwala, ndipo zitsamba zina zimafulumizitsa njirazo kotero kuti ARV amatha m'magazi nthawi yake isanakwane. Mu 2000 akatswiri a ku National Institutes of Health ku America anapeza kuti St John's wort anatsitsa mlingo wa indinavir m'magazi ndi 57 pa 100 iliyonse. Mu 2002 anapezanso kuti makapisozi a adyo anatsitsa saquinavir ndi pafupifupi theka. Mankhwala awiriwa ndi akale, koma chiwindi sichinasinthe. Kuyambira 2019 anthu ambiri m'Malawi ali pa piritsi limodzi la tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, ndipo malangizo a dolutegravir amaletsa kumwera limodzi ndi St John's wort. Chitsamba chimenechi chimagulitsidwa m'mafamase ndi m'masitolo ku South Africa ndi ku Britain popanda kalata ya dokotala, ngati chothandiza pa nkhawa. Inu amene muli ku Johannesburg, Cape Town kapena London ndipo mumatumiza katundu kumudzi, yang'anani bwino zimene mukuika m'chikwamacho.

Dolutegravir alinso ndi vuto lina. Akakumana m'mimba ndi calcium, iron, magnesium kapena aluminium, amamatirirana nazo ndipo wochepa yekha ndiye amalowa m'magazi. Zinthu zimenezi zimapezeka m'mankhwala a chilungulira ndi m'maufa ambiri ogulitsidwa ngati owonjezera mphamvu. Malangizo ake amati mumwe dolutegravir kutatsala maola awiri kuti mumwe zoterezi, kapena patapita maola 6 mutazimwa. Amayi oyembekezera, musataye mapiritsi owonjezera magazi amene mumalandira kusikelo. Funsani anamwino akuuzeni kamwedwe kake. Adyo, jinja ndi mandimu a m'ndiwo kapena mu tiyi alibe vuto, idyani. Choopsa ndi zokhathamiritsa za m'makapisozi, m'maufa ndi m'zigubu, zimene palibe anaziyesapo pamodzi ndi mapiritsi anu. Paja tenofovir amatulukira ku impso, ndiye kuzisenzetsanso madzi osadziwika ndi kuziika pachiswe. Safunsa anadya phula: nyamulani chimene mukumwacho, mukachionetse kuchipatala.

ARV akachepa m'magazi, kachirombo kamayambanso kuswana mankhwala alipo pang'ono, ndipo m'menemo ndi mmene kamaphunzirira kuwapima. Inu mukumwa piritsi tsiku lililonse osadumphitsa, koma likusiya kugwira. Mudzazindikira pakapita miyezi, pa tsiku loyeza kuchuluka kwa tizirombo, kapena thupi likadzayamba kubwerera m'mbuyo.

Kusiyiratu ndiye koopsa koposa. HIV ikalowa m'thupi imalowetsa chibadwa chake mkati mwa chibadwa cha maselo ena a chitetezo, ndipo maselowo amatha kugona chete zaka zambiri. Ma ARV amatseka njira yoswanirana, koma safika pochotsa zogonazo, ndipo palibe madzi a chitsamba chilichonse amene anaonetsapo kuti amazitsuka. Munthu akasiya mankhwala, kachirombo kamabwerera m'magazi pakangopita milungu yochepa. Kafukufuku wamkulu wotchedwa SMART, wa anthu oposa 5,000 m'maiko 33, anayesa zoti odwala azipumira ma ARV chitetezo chikakwera. Anamuimitsa msanga mu January 2006 ataona kuti opumirawo ankadwala kwambiri kapena kumwalira kuwirikiza koposa kawiri poyerekeza ndi amene ankamwa mosalekeza. Kwa amene alinso ndi vairasi ya chiwindi ya hepatitis B, kusiya tenofovir ndi lamivudine mwadzidzidzi kungachititse kuti chiwindi chitupe moopsa.

Chenjerani ndi msampha uwu. Wogulitsa amakuuzani kuti mumalize zigubu zitatu kenako mukayezetse. Mukapita, zotsatira zikuti tizirombo sitikuoneka m'magazi, iye n'kunena kuti mwachira. Ayi, imeneyo ndi ntchito ya ma ARV amene mwakhala mukumwa zaka zonsezi. Zimachitikanso kuti munthu amene wakhala pa mankhwala nthawi yaitali akayezetsa ndi kachipangizo kapachala kaja, kamaonetsa mzere umodzi ngati alibe kachirombo, chikhalirecho ali nako. N'chifukwa chake a zaumoyo salimbikitsa munthu wa pa ma ARV kukayezetsanso mwa njira imeneyo. Anthu ochepa kwambiri padziko lonse amene anachiradi HIV, monga Timothy Ray Brown yemwe ankakhala ku Berlin, anachira atasinthidwa mafuta a m'mafupa pochiza khansa ya m'magazi, chithandizo chimene pachokha chimatha kupha.

Njira imeneyi tinaiyendapo kale. Mu 1995 anthu zikwizikwi anakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, yemwe ankati analota mankhwala a Edzi. Nthawi imeneyo kunalibe ma ARV m'zipatala za boma, ndiye amene anapitako sitingawanene. Koma maliro sanachepe. Anayamba kuchepa boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, ndipo lero anthu oposa 900,000 m'dziko muno ali pa mankhwalawa, akulima, akuphunzitsa, akulera ana obadwa opanda kachirombo. Ku Gambia, mu January 2007, mtsogoleri wa dzikolo Yahya Jammeh analengeza kuti akuchiza Edzi ndi zitsamba, ndipo odwala ake ankalamulidwa kusiya ma ARV. Atachoka pampando mu 2017, opulumuka anaima pamaso pa komiti yofufuza zoona n'kufotokoza mmene anzawo anafera. Ku South Africa, nduna ya zaumoyo Manto Tshabalala-Msimang inkalimbikitsa adyo, mandimu ndi beetroot pamene boma linkazengereza kupereka ma ARV. Akatswiri a ku Harvard anawerengera mu 2008 kuti kuzengerezako kunatayitsa miyoyo yoposa 330,000 pakati pa 2000 ndi 2005.

Nkhani ina ndi ya ku Madagascar. Pa 20 April 2020 mtsogoleri wa dzikolo Andry Rajoelina anakhazikitsa chakumwa cha Covid-Organics chopangidwa kuchokera ku Artemisia annua, ndipo maiko angapo a mu Africa anakatenga. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapempha kuti chiyambe chayesedwa bwinobwino pa anthu. Mu labotale madzi a Artemisia anaonetsadi mphamvu pa kachirombo ka korona, koma pofika July chaka chomwecho odwala anachuluka ku Antananarivo mpaka boma linabwezeretsa lamulo la m'bindikiro, ndipo mu 2021 dzikolo linayamba kulandira katemera. Ndi nthawi yomweyo imene hydroxychloroquine, wachibale wa kwinini, anachita bwino m'kambale koma n'kulephera pa odwala zikwizikwi m'kafukufuku wa RECOVERY ku Britain.

Tiyi wa Artemisia ali ndi ngozi ina imene ikukhudza dziko lonse, osati womwa yekha. Malungo sabwera ndi vairasi, koma amene akumwa tiyiyu poopa mavairasi akuika m'magazi mwawo artemisinin wochepa, wosakwanira kupha tizirombo ta malungo koma wokwanira kutizoloweretsa. WHO inanena momveka mu 2019 kuti siivomereza tiyi kapena ufa wa Artemisia pochiza kapena popewa malungo. Amalawi tikudziwa kuwawa kwa kutaya mankhwala. Tinasiya chloroquine mu 1993 atasiya kugwira, Fansidar nayenso anatsatira, ndipo mu 2007 tinasamukira ku LA. Tizirombo tosamva bwino artemisinin tapezeka kale ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania, ndipo Tanzania tili naye malire. LA akatha mphamvu, oyamba kufa adzakhala ana osakwana zaka zisanu.

Pa chiwewe ndiye palibe mpata wa kuyesa chilichonse. Chiwewe ndi vairasi, chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri ku Africa ndi ku Asia, ndipo ana ndiwo amalumidwa kwambiri. Vairasiyi imayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kulowera ku ubongo, nthawi zambiri miyezi iwiri kapena itatu. Bala limapola, pakhomo n'kuthokoza zitsamba zimene anapakapo, n'kuiwalako. Tsiku limene mwana wayamba kuopa madzi, kulephera kumeza ndi kubwebweta, nthawi yatha kale, chifukwa pafupifupi aliyense wofika pamenepo amamwalira. Galu, mphaka kapena nyama ina ikaluma kapena kukanda munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, musapakepo phulusa kapena masamba, musalimange zolimba, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukafunse katemera wa chiwewe. Chimodzimodzi mwana wa chikuku: akamapuma mobanika, akamakana kuyamwa kapena maso akafiira ndi kutuluka mafinya, musamutsekere m'nyumba n'kumamumwetsa mizu kapena kumudonthezera madzi a masamba m'maso. Khungu limayambira pamenepo.

Kwa asing'anga athu, ndikulankhula nanu mwaulemu. Anthu amayamba afika kwa inu asanaganize za chipatala, ndiye mawu anu ndi olemera. Ambiri mwa inu mumatumiza kale odwala kukayezetsa magazi, ndipo mwapulumutsa miyoyo potero. Funsani aliyense wobwera ngati ali pa mapiritsi ena, ndipo musauze munthu kuti asiye ma ARV, mankhwala a TB, a BP kapena a shuga. Ngati mukukhulupirira kuti muli ndi chitsamba chogwira vairasi, khomo ndi lotsegula: mu September 2020 komiti ya akatswiri ya WHO ndi Africa CDC inavomereza ndondomeko yoyesera mankhwala a zitsamba pa anthu, ndipo mayunivesite athu ali ndi akatswiri a zomera ndi a mankhwala amene mungagwire nawo ntchito. Eni mawayilesi ndi oyendetsa magulu a WhatsApp, inunso muli ndi mlandu pa zimene mumalola kudutsa. Lamulo la 2018 loona za HIV ndi Edzi limaletsa kufalitsa nkhani zabodza kapena zosocheretsa zokhudza kachiromboka, ndipo amene akugulitsa mankhwala ponena kuti amachiza HIV mukhoza kukamunena kupolisi kapena ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Ngati mwamwa zam'chigubu ndipo maso ayamba chikasu, mkodzo wachepa kapena wada kwambiri, mukusanza kosalekeza, mapazi ndi nkhope zatupa, mtima ukugunda mosalongosoka kapena khungu likusupuka, lekani kumwa nthawi yomweyo ndipo thamangirani kuchipatala chigubucho chili m'manja. Musabise. Wachipatala akadziwa chimene mwamwa amadziwanso poyambira, ndipo maola amenewo ndi amene amapulumutsa chiwindi ndi impso.

Ndipo inu amene munasiya ma ARV, kaya papita mlungu kaya chaka, musachite manyazi. Tengani buku lanu la kuchipatala mawa m'mawa, mukafike ku kiliniki kumene munkalandira kapena ina iliyonse yapafupi, mukanene tsiku limene munasiya ndi chimene mwakhala mukumwa m'malo mwake. Mankhwalawo akadali aulere, ndipo adzakuyambitsaninso. Ngati mukudziwa m'bale, mnzanu kapena wa mumpingo amene wasiya, musadikire kuti agone kaye, muperekezeni inuyo.